Nyanja za M'mapiri a Alps Alendo Atachepa: Interlaken, Königssee, Bled Kapena Como kwa Woyenda Yekha

Chaka cha m'mapiri a Alps chili ndi mipata iwiri imene alendo amachepa. Woyamba umachokera kumapeto kwa Okutobala kufika pakati pa Disembala, nyengo yotentha itatha koma masewera otsetsereka pa chipale chofewa asanayambe. Wachiwiri ndi wa Epulo ndi chiyambi cha Meyi, pamene chipale chikusungunuka koma njira za pamwamba pa mapiri zisanatseguke. Pa miyezi imeneyi malo ogona amatsika mtengo ndipo munthu amatha kuima m'mphepete mwa nyanja popanda womupempha kuti asunthe ajambule. Vuto ndi lakuti eni mahotela, maboti ndi ngolo zokwera mapiri pachingwe nawonso amadziwa kuti alendo achepa, choncho amasankha masabata omwewa kuti atseke, akonze makina ndi kupumitsa antchito. Woyenda yekha amene wasankha malo potengera chithunzi chokongola angathe kufika n'kupeza kuti chimene anadzera chatsekedwa mpaka Juni.

Miyezo yosankhira

Muyezo woyamba ndi mtengo, ndipo pano woyenda yekha amalipira mowawa kuposa awiri, chifukwa chipinda cha munthu mmodzi nthawi zambiri chimasiyana pang'ono ndi cha anthu awiri, ndipo palibe wogawana naye ndalama ya takisi. Wachiwiri ndi kafikidwe pamodzi ndi zimene zimakhala zotsegula: kodi malowo mungafikeko pa sitima kapena basi popanda kubwereka galimoto, ndipo mukafika mupezako chiyani chikugwira ntchito? Wachitatu ndi zosamalira tsiku ndi tsiku, monga matikiti, chakudya, zovala ndi kutsatira nyengo. Wachinayi ndi zoopsa. Mwa inayi, umene ndimaupatsa kulemera kwambiri ndi wachiwiri, makamaka funso ili: kukacha ndi mvula kapena nkhungu yophimba phiri lonse, tsiku limenelo mukalithera kuti?

Pali zinthu zingapo zofanana kulikonse kumene mungasankhe. Mayiko onse anayi amene muli malowa, Switzerland, Germany, Slovenia ndi Italy, ali m'dera la Schengen, kotero mwini pasipoti ya Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique kapena South Africa amafunika visa imodzi yomulola kulowa onsewo, ngakhale atakhala ndi chilolezo chokhala ku Britain. Visayo imapemphedwa ku dziko limene mukagoneko masiku ambiri, mtengo wake kwa wamkulu ndi mayuro 90 kuyambira mu Juni 2024, ndipo imafuna inshuwalansi yachipatala yosachepera mayuro 30,000. Werengani bwino inshuwalansiyo ngati ikuphatikiza kupulumutsidwa m'phiri, pakuti helikoputa yobwera kudzakutengani imatumiza lisiti pambuyo pake. Nambala ya ngozi ndi 112 m'mayiko onsewa. Chinanso ndi kutalika kwa usana: kumapeto kwa Novembala dzuwa limalowa cha m'ma 4:30 madzulo, ndipo m'zigwa zakuya limabisala kuseri kwa phiri nthawiyo isanakwane, pamene mu Epulo kumawala mpaka cha m'ma 8 koloko usiku. Kusiyana kumeneku kokha kumapangitsa Epulo ndi Meyi kukhala miyezi yofewerapo kwa amene akupita koyamba.

Interlaken, Switzerland

*Mtengo.* Awa ndi malo odula kuposa ena atatuwa, ndipo kuchepa kwa alendo sikutsitsa mtengo wa chakudya kapena wa sitima. Ndalama yake ndi franc, osati yuro. Mbale imodzi m'lesitilanti wamba imadya mafranc 25 kapena kuposa, n'chifukwa chake apaulendo ambiri amagula chakudya m'masitolo a Coop ndi Migros n'kukaphika okha kumalo ogona otsika mtengo, kumene anthu angapo amagona m'chipinda chimodzi. Ulendo wopita ndi kubwera ku Jungfraujoch, siteshoni ya sitima ya pamwamba pa mapiri a chipale chofewa, popanda kuchotseredwa umaposa mafranc 200. Pali khadi la mwezi umodzi la Swiss Half Fare Card limene limadula pakati mtengo wa masitima, mabasi, maboti ndi ngolo zambiri zokwera mapiri, komanso Swiss Travel Pass ya masiku 3, 4, 6, 8 kapena 15. Kwa wokhazikika pamalo amodzi n'kumakwera mapiri oyandikira, khadi lodula pakatilo ndilo limapindulitsa kawirikawiri.

*Kafikidwe ndi zotsegula.* Apa Switzerland ilibe mnzake. Tauni ya Interlaken ili pakati pa nyanja ziwiri, ya Thun ndi ya Brienz, ndipo kuchokera pabwalo la ndege la Zürich ndi maola awiri ndi mphindi zingapo pa sitima, kudzera ku Bern. Masitima a m'zigwa, opita ku Lauterbrunnen ndi Grindelwald, amayenda chaka chonse. Njanji ya Jungfraujoch, imene inatsegulidwa mu 1912 ndipo imathera pa mamita 3,454, nayonso sipuma. Zotsekedwa n'zambiri ndithu: sitima ya Schynige Platte ndi yamalasha ya Brienz Rothorn zimayenda kuyambira Juni mpaka Okutobala basi, mathithi a mkati mwa thanthwe a Trümmelbach amatsekedwa nyengo yozizira, ndipo ngolo zopita ku nyanja ya Oeschinensee pamwamba pa Kandersteg, pa mamita 1,578, zimaima masabata angapo pokonzedwa. Maboti a pa nyanja ya Thun amapitiriza ngakhale maulendo ake amachepa, koma a pa Brienz musawadalire. Kukagwa mvula, mzinda wakale wa Bern uli pamtunda wosakwana ola limodzi, ndipo misewu yake ili ndi makonde aatali oyendamo osanyowa.

*Zosamalira tsiku ndi tsiku.* N'zochepa. Pulogalamu ya pafoni ya SBB, kampani ya sitima ya ku Switzerland, imasonyeza sitima, basi ndi boti pamalo amodzi, ya MeteoSwiss imasonyeza nyengo, ndipo nsonga zambiri zili ndi makamera oonetsa pa intaneti mmene kulili pa ola limenelo. Chizolowezi chofunika ndi kuyang'ana kamerayo musanagule tikiti yodula, chifukwa mu Novembala nkhungu imakonda kudzaza chigwa pamwamba pakuwala dzuwa, ndipo tsiku lina zimatembenuka. Madzi a pampopi ndi akumwa.

*Zoopsa.* Zikwangwani za njira zili ndi mitundu: zachikasu ndi njira wamba, zoyera ndi zofiira ndi za m'phiri, zoyera ndi zabuluu ndi za akatswiri, ndipo zapinki ndi njira zokonzedwera nyengo yozizira. Pa miyezi ino woyenda yekha akhale pa zachikasu ndi zapinki, monga njira yosalala ya m'chigwa cha Lauterbrunnen yodutsa pansi pa mathithi a Staubbach, amene amagwa mamita pafupifupi 300. Jungfraujoch ndi yaitali kuposa Sapitwa pa Mulanje, amene ali pa mamita 3,002, ndipo kumeneko mumafika m'maola awiri mutakhala pampando, thupi lisanazolowere mpweya wochepa. Mutu ndi chizungulire n'zofala. Nambala ya helikoputa yopulumutsa ya Rega ndi 1414.

Königssee ndi Berchtesgaden, Germany

*Mtengo.* Ndi wapakati. Nyumba za alendo za mabanja n'zambiri ndipo kawirikawiri zimapereka chakudya cham'mawa. Mlendo wogona amalipira kamsonkho kausiku uliwonse, koma amalandira khadi lomukweza ulere mabasi a m'deralo, chimene kwa wopanda galimoto ndi phindu lenileni. Boti lopita ndi kubwera ku St. Bartholomä, doko la m'mphepete mwa nyanja ya Königssee, limaposa pang'ono mayuro 20. Pa sitima pali Bayern-Ticket ya tsiku limodzi, ndiponso Deutschlandticket ya mwezi wathunthu imene inayamba mu Meyi 2023. Yachiwiriyi imadzilipiritsa yokha mwezi ndi mwezi ngati simunaithetse pofika pa 10, choncho mlendo wa sabata imodzi aisamale.

*Kafikidwe ndi zotsegula.* Kuchokera ku Munich ndi maola awiri ndi theka kapena atatu pa sitima, kusintha pa Freilassing, pamene kuchokera ku Salzburg ku Austria basi nambala 840 imatenga nthawi yosakwana ola. Nyanja ya Königssee ndi yopapatiza, yaitali makilomita pafupifupi 8, yakuya mamita 190, ndipo yazingidwa ndi makoma a miyala, kuphatikizapo phiri la Watzmann la mamita 2,713. Maboti ake ndi amagetsi kuyambira 1909 ndipo amayenda chaka chonse kupatula pa 24 Disembala ndi masiku a mphepo yamkuntho, nkhungu yaikulu kapena madzi oundana. Ulendo wa mphindi 35 umakufikitsani pa katchalitchi ka madenga ofiira ka St. Bartholomä, ndipo pakati pa njira woyendetsa amaimitsa boti n'kuliza lipenga kuti mumve thanthwe likuyankha. Chotayika chachikulu ndi doko la Salet, lopitira ku kanyanja ka Obersee, limene limatsegulidwa kuyambira cha kumapeto kwa Epulo mpaka pakati pa Okutobala. Nyumba ya Kehlsteinhaus, yomangidwa pansonga ya phiri m'nthawi ya ulamuliro wa Nazi, pa mamita 1,834, imatsegulidwa pakati pa Meyi n'kutsekedwa mu Okutobala, ndipo ngolo za phiri la Jenner zimaima pokonzedwa cha mu Novembala. Tsiku la mvula lili ndi kothawira kokwanira: mgodi wa mchere wa Berchtesgaden umene ukugwira ntchito kuyambira 1517, malo osungira mbiri ya ulamuliro wa Nazi ku Obersalzberg, ndi mzinda wa Salzburg. Ena amafuna kuwonjezera Hallstatt, kamudzi ka m'mphepete mwa nyanja ku Austria, ngati ulendo wa tsiku limodzi kuchokera kuno. Pa basi ndi sitima njirayo imadya maola ambiri, ndipo mu Novembala kamudziko kamakhala mumthunzi wa phiri mbali yaikulu ya tsiku, kotero ine ndingausiye.

*Zosamalira tsiku ndi tsiku.* Masitolo a ku Bavaria, chigawo cha Germany chimene muli malowa, amatseka 8 koloko usiku ndipo Lamlungu satsegula, choncho wofika Loweruka madzulo agule chakudya asanakaike chikwama. Malo ena ang'onoang'ono amafunabe ndalama ya m'manja. Mabasi amachepa madzulo ndi kumapeto kwa sabata.

*Zoopsa.* Palibe njira yosavuta ya pansi yozungulira nyanjayi, ndiye wosiyidwa ndi boti lomaliza ku St. Bartholomä ali pamavuto odula, ndipo m'nyengo yozizira boti lomalizalo limanyamuka kukadali masana. Deralo ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1978, ndipo zikwangwani zoletsa si zokongoletsa: maiwe a pa mathithi a Königsbach, amene anatchuka ndi zithunzi za pa intaneti, anatsekedwa mu 2021 anthu atamirapo. Njira zoyenera ndi ya Malerwinkel pafupi ndi doko, ndi yozungulira kanyanja ka Hintersee ku Ramsau.

Bled ndi Bohinj, Slovenia

*Mtengo.* Mwa anayiwa awa ndiwo otsikirapo, ngakhale Bled weniweni sakutchipanso monga kale. Basi yochokera ku Ljubljana sifika mayuro 10. Bwato lopalasa la pletna lopita pachilumba ndi tikiti yolowera m'nyumba yachifumu yakale, chilichonse chimayandikira mayuro 20, koma chinthu chabwino kwambiri pamalopo, njira ya makilomita 6 yozungulira nyanja, n'chaulere.

*Kafikidwe ndi zotsegula.* Bwalo la ndege la Ljubljana lili makilomita pafupifupi 35 kuchokera ku Bled, koma ndege zofikako n'zochepa poyerekeza ndi Zürich, Munich kapena Milan, ndipo wochokera kuno kwathu amayenera kusintha ndege kangapo. Kuchokera mumzinda basi imatenga ola ndi mphindi pafupifupi 20 ndipo imakutsitsani pafupi ndi madzi, pamene siteshoni ya sitima ya Lesce-Bled ili makilomita 4 kuchokera kunyanja. Nyumba yachifumu ya pathanthwe, imene inatchulidwa koyamba m'zolembedwa mu 1011, imatsegulidwa chaka chonse, chimodzimodzi tchalitchi cha pachilumba chokwerera masitepe 99. Mabwato a pletna amachepa ndipo wopalasa amadikira kuti anthu akwane, chimene woyenda yekha amachimva kwambiri. Chigwa chopapatiza cha Vintgar chimatsekedwa nyengo yozizira yonse, msewu wa pa Vršič wa makona 50 umatsekedwa chipale chikagwa, ndipo nyumba zogona za pamwamba pa mapiri zambiri zimatseka cha kumapeto kwa Seputembala kapena mu Okutobala. Nyanja ya Bohinj, imene ili mkati mwa nkhalango yotetezedwa ya Triglav pamtunda wa mphindi 40 pa basi, ndi yaikulu ndi yachete kuposa Bled. Kumeneko kuli mathithi a Savica ndi ngolo zokwera phiri la Vogel, zimene nazonso zimapuma pokonzedwa. M'maso mwanga Bohinj ndi nyanja yokongola kuposa Bled, koma mu Novembala usiku wake ndi wautali kwa munthu wopanda mnzake, malo odyera ambiri ali otseka.

*Zosamalira tsiku ndi tsiku.* Ndandanda ya mabasi imasintha nyengo yotentha ikatha, ndipo Lamlungu amachepa kwambiri, choncho onani nthawi ya basi yobwerera musanakwere yopita. Chingerezi chimamveka pafupifupi kulikonse. Konzekerani kuumitsa nsapato usiku uliwonse.

*Zoopsa.* Mapiri a Julian Alps ndi amodzi mwa malo a mvula yambiri m'Alps, ndipo Okutobala ndi Novembala ndi miyezi yonyowa. Timapiri toonera nyanja ta Ojstrica ndi Mala Osojnica ndi tatifupi koma totsetsereka, ndipo mizu ndi matope zimagwetsa anthu, makamaka okwera mbandakucha kukajambula dzuwa likutuluka. Triglav, wa mamita 2,864, si wa miyezi ino. Mu Epulo ndi Meyi m'nkhalango muli nkhupakupa zofalitsa matenda otupitsa ubongo, vuto limene lilinso ku Bavaria ndi Switzerland. Valani thalauza lalitali ndipo dzifufuzeni thupi madzulo.

Nyanja ya Como, Italy

*Mtengo.* Umasiyana kwambiri malinga ndi mudzi. Bellagio ndi wodula, pamene mizinda ya Como ndi Lecco ili ndi mitengo ya anthu okhala komweko. Sitima yochokera ku Milan sifika mayuro 10, ndipo khofi womwera chiimirire pakauntala ndi wotchipa kuposa wokhala pampando.

*Kafikidwe ndi zotsegula.* Kwa wochokera ku Lilongwe kapena Blantyre awa ndi malo osavuta, popeza Ethiopian Airlines imafika ku Milan Malpensa kudzera ku Addis Ababa. Kuchokera ku Milan, Varenna ili ola limodzi pa sitima. Maboti olumikiza Varenna, Bellagio ndi Menaggio amayenda chaka chonse mochepa. Koma mahotela ndi malesitilanti ambiri a pakati pa nyanja amatseka kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndipo minda ya maluwa ya Villa Carlotta imatsekanso. Epulo ndi nkhani ina: minda yatsegulidwa, maluwa achita, ndipo alendo ayamba kale kubwerera, makamaka pa Isitala. Kangolo kokwera ku mudzi wa paphiri wa Brunate kuchokera mumzinda wa Como kakhala kakuyenda kuyambira 1894.

*Zosamalira tsiku ndi tsiku.* Tikiti ya pepala ya sitima za m'dera iyenera kudindidwa pamakina musanakwere, apo ayi pali chindapusa. Masitiraka a ogwira ntchito zamtengatenga amalengezedwa pasadakhale, ndipo n'kwanzeru kufufuza tsiku lobwerera ku bwalo la ndege.

*Zoopsa.* Nyanjayi ili pa mamita pafupifupi 200 okha, choncho kumazizira pang'ono ndipo chipale m'mphepete mwa madzi n'chosowa. Choopsa chake ndi miyala yonyowa ndi masamba ovunda pa njira zakale monga Sentiero del Viandante, komanso kugumuka kwa nthaka mvula ikachuluka. Oba m'matumba ali ku siteshoni yaikulu ya Milan koposa kunyanja. Tinene zoona, Como ndi nyanja ya m'munsi mwa Alps; nsonga zoyera mumaziona patali.

Ndani apite kuti

Amene akupita ku Ulaya koyamba, safuna kubwereka galimoto, ndipo cholinga chake n'kuima pa chipale chofewa pansi pa nsonga zazitali, apite ku Interlaken ngakhale mu Novembala, chifukwa ndi malo okhawo pa anayiwa pamene njira yokwerera pamwamba penipeni sitsekedwa. Achepetse masiku m'malo mochepetsa ndalama ya tsiku: masiku anayi okhala ndi mpata wodikira kuti kuyere aposa sabata yathunthu yongoyang'ana mitengo ya matikiti.

Amene ali ndi masiku atatu kapena anayi, monga wokhala ku Britain amene watenga tchuthi chachifupi, ndipo akufuna nyanja, phiri ndi mzinda pamodzi, Königssee imuyenera, atagona ku Berchtesgaden kapena ku Salzburg. Ngati Obersee ndiyo ikumukopa, adikire kumapeto kwa Epulo kapena afike Okutobala asanafike pakati.

Amene thumba lake ndi lopepuka ndipo amakonda kuyenda pansi mwakachetechete asankhe Slovenia, agone ku Bled n'kumapita ku Bohinj masana, ndipo ngati angathe asankhe Meyi m'malo mwa Novembala. Wosapirira kuzizira, wa mawondo ovuta, kapena wofuna ulendo wa ndege wosasinthasintha kuchokera ku Malawi apite ku Como mu Epulo kapena kumapeto kwa Okutobala. Ngati masiku ake agwera pakati pa Novembala ndi Malichi, agone mumzinda wa Como kapena Lecco, kumene masitolo ndi malo odyera amatsegulira eni mudzi chaka chonse, n'kumakwera boti kapena sitima kupita ku Varenna masana.

Wofuna kukwera mapiri enieni, kugona m'nyumba za pamwamba ndi kudutsa m'mipata ya pakati pa nsonga, malo onse anayiwa samuyenera pa miyezi imeneyi ali yekha. Asunthire ulendo wake ku theka loyamba la Seputembala, pamene alendo ayamba kuchepa, koma nyumbazo ndi ngolo zonse zikadali zotsegula.